Nthenda Zobadwa Nazo: Zimene Ofufuza Apeza m'Magazi a Ana Athu, ndi Phindu Lake kwa Anthu a kwa Maganga

Munthu akafika kwa Maganga m'mamawa, dzuwa likungotuluka patsidya pa nyanja, apeza asodzi akukweza mabwato awo pamchenga, amayi akuyanika usipa pa thandala, ndi ana akusewera m'mphepete mwa madzi, zilumba za Maleri zikuonekera chapatali. Poyang'ana ana amenewa palibe amene angasiyanitse wina ndi mnzake, pakuti onse athamanga, onse aseka, ndipo onse adya nsima ya m'mbale imodzi. Koma ophunzira za mankhwala atiuza kuti mwa ana aamuna asanu alionse a m'dziko muno, mmodzi anabadwa ndi magazi amene ali ndi chosowa china. Mwini wake sadziwa, mayi wake sadziwa, ndipo kawirikawiri ngakhale a chipatala chimene anabadwiramo sadziwa. Nkhani yathu lero ili pa chosowa chimenechi, pa nthenda zina zofanana nacho zimene mwana alandira kwa makolo ake, ndi pa ntchito ya anthu ophunzira amene akhala akuzifufuza kwa zaka zoposa 100.

CHITHUNZI CHIMENE AMAYI AMBIRI ACHIDZIWA

Mwana watentha thupi usiku. M'mawa apatsidwa mankhwala ogula pa okala kapena otsala kwa mnansi, ndipo aoneka ngati wapezako bwino. Patapita masiku awiri kapena atatu, maso ake achita chikasu, zikhatho ndi m'kamwa mwayera, mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo apuma mwawefuwefu. Akuluakulu akhala pansi kufunsana. Wina anena za tsempho, wina anena kuti pali munthu amene akuyenda usiku m'mudzi muno. Mkazi afunsidwa za mayendedwe ake, mwamuna nayenso afunsidwa, ankhoswe aitanidwa, ndipo pamene mlandu ukukambidwa dzuwa likupita, mwana akufookerafookera.

Sitikunena kuti mwana aliyense wodwala chotere ali ndi nthenda yobadwa nayo, pakuti malungo paokha akhoza kumaliza magazi a mwana m'masiku owerengeka. Chimene tikunena ndi chakuti pali ana ena amene magazi awo asweka msanga kuposa a anzawo, ndipo chifukwa chake chinadziwika kalekale. Chifukwacho sichili m'mayendedwe a mayi kapena a bambo, ndiponso sichili m'nyanga ya munthu aliyense. Chili m'chibadwa.

MMENE NZERU IMENEYI INAYAMBIRA

M'chaka cha 1902 dotolo wina wa ku London, dzina lake Archibald Garrod, analemba za ana amene mkodzo wawo unkasanduka wakuda ukakhalitsa pamphepo. Iye anaona kuti nthendayo inkapezeka mwa ana a bere limodzi, makolo awo ali bwinobwino, ndipo kuti ambiri mwa makolowo anali pachisuweni. M'chaka cha 1908 anafotokozera madotolo anzake ganizo lake, lakuti pali nthenda zina zimene zichokera m'kulakwika kobadwa nako kwa mmene thupi lisinthira chakudya ndi zinthu zina zimene zili m'kati mwake.

Kuti timve bwino ganizo limeneli, tiyerekeze ndi anthu amene aima pamzere kupatsirana njerwa kuchokera pa uvuni kufika pa nyumba imene ikumangidwa. Munthu mmodzi akachoka pamzerepo, njerwa ziunjikana pamalo pake, ndipo mmisiri amene ali kutsogolo asowa chomangira. M'thupi la munthu muli antchito otere zikwizikwi, amene ophunzira awatchula kuti enzyme, ndipo aliyense ali ndi ntchito yakeyake. Lamulo la kapangidwe ka wantchito aliyense lalembedwa m'timbewu ta chibadwa timene mwana alandira, theka kwa mayi ndi theka kwa bambo. Timbewu timeneti ena atitchula kuti majini, potsata mawu a Chingerezi, koma awerengi athu a kunyanja asasokoneze ndi majini aja otchulidwa pa nkhani za mizimu, chifukwa palibe ubale uliwonse.

Ganizo la Garrod linabala zipatso pang'onopang'ono. M'chaka cha 1934 mayi wina wa ku Norway, amene ana ake awiri sankakula bwino m'nzeru, anaumirira kuti mkodzo wa anawo unali ndi fungo lachilendo. Dotolo Asbjørn Følling anamumvera, nayesa mkodzowo, ndipo anapeza nthenda imene lero itchedwa PKU. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Horst Bickel ndi anzake a ku Birmingham anasonyeza kuti mwana wotere akapatsidwa chakudya chosankhidwa bwino apeza bwino. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Robert Guthrie wa ku America anapeza njira yobaya khanda pa chidendene, kudontheza magazi pa kapepala, kuumitsa, ndi kutumiza kapepalako kutali kuti kakayesedwe. Nthenda ya PKU siichuluka pakati pa anthu a mu Africa, koma kapepala ka Guthrie tidzakumana nakonso kutsogoloku, chifukwa kanafika ndithu mpaka m'zipatala zathu. Ndipo tisaiwale kuti nzeru yonseyi inayamba ndi mayi wopenyetsetsa ndi dotolo wodziwa kumvera.

MLONDA WA M'MAGAZI

Nthenda ya mtundu umenewu yofala koposa zonse pa dziko lapansi ndiyo kuchepa kwa enzyme yotchedwa G6PD, ndipo akatswiri ayerekeza kuti anthu pafupifupi 400 miliyoni ali nako. Kunadziwika motere. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Korea, asilikali a ku America ankapatsidwa mankhwala a malungo otchedwa primaquine, ndipo kunaoneka kuti ena mwa asilikali akuda magazi awo ankasweka akamwa mankhwalawo. Madotolo a ku Chicago, motsogozedwa ndi Alf Alving, anafufuza chodabwitsa chimenechi, ndipo m'chaka cha 1956 Paul Carson ndi anzake analengeza kuti m'maselo ofiira a anthu otere G6PD inali yochepa.

Ntchito ya G6PD ili ngati ya mlonda. Selo lofiira la magazi linyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita m'thupi lonse, ndipo mpweya umenewu, ngakhale ndiwo moyo, uli ndi ukali wake, monga tionera pa chitsulo chochita dzimbiri. G6PD ndiyo ipanga chimene chiteteza selo ku ukali umenewo. Tsono selo lofiira likatuluka m'mafupa, mmene lipangidwira, silingathenso kudzipangira mlonda watsopano. Liyenda masiku pafupifupi 120 ndi kamba amene linanyamuka naye, monga msodzi wopita pakati pa nyanja. Mwa munthu amene ali ndi mtundu wa chosowachi wofala mu Africa, kambayo atha msanga, kotero kuti maselo okalamba akhala opanda chitetezo.

Masiku onse munthu wotere ali bwino: alima, apalasa bwato, akwatira, abala ana, ndipo ambiri akalamba osadziwa kanthu. Vuto lidza pokhapokha magazi akakumana ndi chowaputa. Zowaputa zodziwika ndi matenda otentha thupi, mankhwala ena monga primaquine ndi dapsone amene agwira ntchito pa khate, ndi timibulu toyera tonunkha tija timene anthu aika m'sutikesi ya zovala pothamangitsa mphemvu ndi njenjete. Ku Italy, Greece ndi Egypt kuli mtundu wa nyemba zazikulu zotchedwa fava zimene zichita chomwecho, koma nyemba zathu, khobwe, nandolo ndi nzama zilibe mlandu umenewu, ndipo mwana asamanidwe ndiwo zimenezi. Magazi akaputidwa, maselo okalamba asweka ambiri nthawi imodzi. Ndiye chikasu chija, mkodzo wakuda uja, ndi kuyera kwa zikhatho. Kawirikawiri kuswekako kuleka kokha pakapita masiku, popeza maselo atsopano akadali ndi mlonda wokwanira, koma mwana amene anali kale ndi magazi ochepa akhoza kufa asanafike pamenepo ngati sanawonjezeredwe magazi.

ICHOKERA KWA YANI?

Pano pali chinthu chimene Achewa ndi Ayao a kwa Maganga, amene awerenga mtundu kuchokera kwa mayi, achimva mosavuta. Kambewu ka G6PD kakhala pa chingwe cha chibadwa chotchedwa X. Mwana wamkazi ali ndi zingwe ziwiri zotere, china cha mayi ndi china cha bambo, pamene mwana wamwamuna ali ndi chimodzi chokha, chochokera kwa mayi. Chifukwa chake mwana wamwamuna akalandira chingwe cholakwika alibe china chomuthandiza, pamene wamkazi nthawi zambiri athandizidwa ndi chingwe chachiwiricho, nangokhala wonyamula. Mayi wonyamula akabala mwana wamwamuna, mwayi ugawika pakati: akhoza kukhala nacho chosowacho kapena ayi. Bambo amene ali nacho sapatsira ana ake aamuna, koma ana ake onse aakazi adzachinyamula.

Mwa ichi, dotolo wanzeru akamafunsa za m'banja, afunsa makamaka za amalume a mwanayo ndi za ana aamuna a abale aakazi a mayi wake, ndiye kuti mbumba yonse. Mwini mbumba amene akumbukira kuti mphwake wina anachitapo chikasu ali khanda, kapena kuti mbale wake anakodzapo zakuda atamwa mankhwala, asunga chuma chimene chingapulumutse mwana. Koma wina asatenge mawu athu kukalasa nawo mkazi wake. Mayiyo sanasankhe; nayenso analandira kwa mayi wake, kapena kwa bambo wake.

CHIFUKWA CHIYANI ZICHULUKA KUNO?

Funso limene linavutitsa ophunzira ndi ili: ngati chibadwa chotere chipweteka, chalekeranji kutha pa mibadwo yonseyi? Yankho linachokera kuno kum'mawa kwa Africa. M'chaka cha 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anasonyeza kuti anthu onyamula kambewu kamodzi ka nthenda ya sickle cell atetezeka ku malungo akupha. Cha m'ma 1960, iye ndi Arno Motulsky anaganiza chimodzimodzi za G6PD, ataona kuti malo amene chosowachi chichuluka ndi omwewo amene malungo akhala akusautsa anthu kuyambira kale.

Kwa Maganga ndi malo otere. Dziko ndi lotsika ndi lotentha, mtsinje wa Linthipe uthira m'nyanja pomwepo, ndipo madambo asunga madzi miyezi yambiri mvula itatha, kotero kuti udzudzu susowa pobalira. Kwa zaka zikwi zambiri malungo akhala akupeta ana a mu Africa monga mayi apeta mpunga m'lichero, ndipo amene anali ndi magazi ovuta kwa kachirombo ka malungo ndiwo anapulumuka ambiri nabala ana. Ife ndife zidzukulu zawo. Chimene lero titchula kuti chosowa chinali chishango cha makolo athu.

Komatu chishangochi chili ndi mtengo wake. Kafukufuku wamkulu wa m'maiko ambiri, Malawi ali m'gulumo, amene anasindikizidwa m'chaka cha 2017, anapeza kuti kuchepa kwa G6PD kuchepetsa ngozi ya malungo a m'bongo, aja okomola ndi kugwetsa mwana, koma kuwonjezera ngozi ya kutha kwa magazi pa nthawi ya malungo. Chitseka khomo lina nichitsegula lina.

ZIMENE ANAPEZA M'DZIKO MUNO

Sukulu ya madotolo ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Kuyambira nthawi imeneyo ana a dziko lino akhala akufufuza okha nthenda za kwawo, mothandizana ndi anzawo a kunja.

Pakati pa 2002 ndi 2004, ofufuza amene mwa iwo munali Job Calis, Kamija Phiri ndi Michael Boele van Hensbroek anayesa ana 381 amene anafika magazi atatheratu pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa chipatala cha boma la Chikwawa, nawafanizira ndi ana ena 757 amene magazi awo sanathe chotero. Zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2008 m'magazini ya madotolo ya The New England Journal of Medicine, ndipo zinadabwitsa ambiri. Anthu ankakhulupirira kuti kutha kwa magazi kuchokera makamaka m'kusowa kwa ayironi m'chakudya, koma mwa ana odwalitsitsawa sizinali choncho. Zimene zinapezeka ndi tizirombo tolowa m'magazi, malungo, njoka za m'mimba zoyamwa magazi, kachirombo ka HIV, kusowa kwa vitamini A ndi B12, ndiponso kuchepa kwa G6PD, kumene kunawonjezera ngoziyo kuposa kawiri. Phunziro lake ndi lakuti mwana mmodzi akhoza kusenza zifukwa ziwiri kapena zitatu pamodzi, chobadwa nacho ndi zomupeza panjira.

Ofufuzawo sanalekere pakhomo la chipatala. Anatsata anawo kumidzi kwa miyezi 18, napeza kuti oposa mmodzi mwa khumi alionse amene anatuluka m'chipatala atachira anamwalira m'nthawi imeneyo. Kuchokera pamenepo Kamija Phiri ndi anzake anayesa kupatsa ana otere mankhwala a malungo m'miyezi yotsatira atatuluka, ndipo ntchitoyi, pamodzi ndi ina ya ku Kenya ndi Uganda, inachititsa kuti m'chaka cha 2022 bungwe la World Health Organization lilangize maiko a malungo kuti azichita chomwecho.

Kafukufuku wachiwiri anachokera m'kalembera wa zaumoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016, pamene antchito a Boma anayenda m'zigawo zonse zitatu kuyesa kadyedwe ka ana. Magazi a ana 1,071 a miyezi 6 mpaka 59, ochokera m'malo 105, anayesedwanso kuti chibadwa chawo chioneke, ndipo Patrick McGann ndi anzake anasindikiza zotsatira m'chaka cha 2018. Pafupifupi ana aamuna 20 mwa 100 alionse anali ndi kuchepa kwa G6PD. Ana oposa 40 mwa 100 alionse anali ndi chibadwa china chotchedwa alpha thalassaemia, chimene chichepetsa msinkhu wa maselo ofiira, ndipo chikhoza kunyenga wachipatala kuti mwana asowa ayironi pamene sasowa.

Wachitatu ndiye ayandikira kwambiri kwathu. Awerengi adziwa kuti khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV libayidwa pa chidendene, magazi nadonthezedwa pa kapepala kopita ku labotale. Ndiko kapepala ka Guthrie kaja. Gerald Tegha wa ku UNC Project ku Lilongwe, pamodzi ndi anzake a pa Kamuzu Central Hospital ndi a ku Cincinnati ku America, anatenga madontho otsala pa timapepala 10,529 ta m'Chigawo cha Pakati, chimene Salima ilimo, nawayesa. Lipoti lawo la 2021 linanena kuti makanda 7 mwa 100 alionse anali onyamula kambewu ka sickle cell, ndipo makanda 14 anali ndi nthendayo yeniyeni. Pa timapepala 1,329 timene tinayesedwanso, kuchepa kwa G6PD kunapezeka mwa 20.4 pa 100 alionse a makanda aamuna ndi 3.4 pa 100 alionse a makanda aakazi, pamene 29 mwa 100 alionse a makanda aakazi anali onyamula. Ziwerengerozi zigwirizana ndi za 2018, ndipo mboni ziwiri zikanena chimodzi mlandu uweruzika.

Mwa makanda 14 aja, 10 anapezeka nayamba kulandira chithandizo ku kiliniki ya nthendayi. Anayi sanapezeke. Kuyesa magazi kunatheka, koma kupeza mudzi ndi nyumba ya mwana kunakanika. Apa tiona kuti nzeru ya mu labotale payokha siikwanira ngati palibe mlangizi wa zaumoyo wodziwa njira za m'mudzi, nyakwawa yodziwa anthu ake, ndi kholo lolembetsa dzina ndi mudzi wake moona.

PHUNZIRO LA LAPDAP

Wina angafunse kuti kodi kufufuza konseku kupindulanji kwa munthu wamba? Tiyankha ndi mbiri ya mankhwala. M'chaka cha 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuyamba Fansidar, popeza malungo anali atazolowera chloroquine. Fansidar nayenso atayamba kufooka, ophunzira a ku Liverpool ndi anzawo anakonza mankhwala otsika mtengo otchedwa Lapdap, amene anayesedwa ku Kenya ndi kuno ku Malawi, natulutsidwa m'chaka cha 2003. M'mankhwalawo munali dapsone. Kuyesa kutapitirira, kunaoneka kuti ana ochepa G6PD magazi awo ankatsika moopsa akamwa, ndipo m'chaka cha 2008 mankhwalawo anachotsedwa pamsika. Pakadapanda kufufuza, dziko limene mnyamata mmodzi mwa asanu ali ndi chosowachi likadalira maliro ambiri osadziwa chowapha.

Mankhwala a LA, amene Unduna wa Zaumoyo unayamba kupereka m'chaka cha 2007, alibe vuto limeneli. Kholo lisaope kumwetsa mwana LA wolembedwa kuchipatala, ndipo limalize mlingo wonse.

SICKLE CELL NDI CHIALUBINO

Nthenda ya sickle cell inalembedwa koyamba ndi dotolo James Herrick wa ku Chicago m'chaka cha 1910, ndipo m'chaka cha 1949 Linus Pauling anasonyeza kuti vuto lili m'chinthu chofiira chonyamula mpweya m'magazi. Maselo apindika ngati chikwakwa natseka timitsempha. Mwana atupa manja ndi mapazi ali wamng'ono, alira ndi kupweteka kwa mafupa makamaka nyengo yozizira, adwaladwala, ndipo magazi amuthera kawirikawiri. Nthendayi siyenda ngati G6PD. Mwana adwala pokhapokha atalandira kambewu kwa mayi ndi kwa bambo omwe, ndipo makolo awiri onyamula, pa mimba iliyonse, ali ndi ngozi ya mwana mmodzi mwa anayi. Mwamuna wothamangitsa mkazi chifukwa chobala ana odwala sickle cell adziwe kuti theka la nthendayo lachokera mwa iye mwini. Ukwati wa pachisuweni uwonjezera mwayi woti timbewu tiwiri tofanana tikumane, monga Garrod anaonera.

Akatswiri anayerekeza m'chaka cha 2011 kuti mu Africa, popanda chithandizo, theka la ana otere kapena kuposerapo amwalira asanakwanitse zaka 5. Koma mwana akadziwika msanga, napatsidwa penisilini tsiku ndi tsiku, katemera yense, ndi chitetezo ku malungo, akhoza kukula. Kafukufuku wa ana oposa 600 a ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda, wosindikizidwa m'chaka cha 2019, anasonyeza kuti mankhwala otchedwa hydroxyurea achepetsa ululu, kuwonjezeredwa magazi, malungo ndi imfa.

Pa nthenda zinayi zimene Garrod anatchula m'chaka cha 1908, imodzi inali chialubino. Thupi la munthu wachialubino silipanga mokwanira utoto umene udetsa khungu, tsitsi ndi maso, ndipo chibadwachi nachonso chichokera kwa makolo onse awiri. Kalembera wa 2018 anawerenga anthu 134,636 achialubino m'dziko muno. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 dziko lathu linachita manyazi ndi nkhanza zochitira abale athu amenewa, chifukwa cha bodza lakuti m'mafupa mwawo muli chizimba cha chuma. M'mafupa mwawo mulibe china koma chimene chili mwa ife tonse. Mdani wawo weniweni ndi dzuwa, limene kunyanja kuno liwomba kawiri, kuchokera kumwamba ndi kuchokera pamadzi, ndipo lidzetsa khansa ya pakhungu. Mwana wachialubino afunika chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza khungu, ndi mpando wa kutsogolo m'kalasi chifukwa cha maso. M'chaka cha 2021 anthu a ku Nkhotakota, anansi athu a kumpoto, anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo, ndipo potero anaphunzitsa dziko lonse.

CHIMENE TINGACHITE IFE

Pamene lipoti la 2021 linkalembedwa, kuyesa khanda lililonse lobadwa kuti nthenda zimenezi zidziwike kunali kusanakhazikike m'dziko muno, monganso m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo cholinga cha ofufuzawo chinali kusonyeza kuti n'kotheka pogwiritsa ntchito njira imene ilipo kale yonyamulira timapepala ta magazi. Imeneyo ndi ntchito ya Boma, ya masukulu a ukachenjede ndi ya abwenzi athu a kunja, ndipo ifuna ndalama ndi nthawi. Koma pali zina zimene zili m'manja mwa kholo lililonse lero lino.

Choyamba, khanda likachita chikasu tsiku lomwe labadwa, kapena chikasucho chikafika m'zikhatho ndi kumapazi, kapena likaleka kuyamwa, lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Kuchipatala kuli nyale zapadera zochotsa chikasu, koma chikachedwa chikwera ku bongo, ndipo mwana akhoza kukhala wogontha kapena wopuwala moyo wake wonse. Chachiwiri, timibulu tonunkha tija tisayandikire zovala ndi zofunda za khanda. Chachitatu, mwana wotentha thupi ayesedwe magazi asanamwe kanthu, ndipo mankhwala osadziwika ogula pamsika kapena opempha kwa mnansi alekeke. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chachinayi, mwana akakodza zakuda, maso nachita chikasu, musadikire kuti mlandu wa pabanja uyambe watha. Thamangirani ku chipatala chaching'ono chimene chili pafupi, ndipo akakutumizani ku chipatala chachikulu cha ku boma la Salima pitani, mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwala amene mwanayo anamwa. Chachisanu, dotolo akakuuzani kuti mwana ali ndi chibadwa chakutichakuti, pemphani kuti alembe m'buku lake la kuchipatala, ndipo muuze alongo anu ndi amalume, pakuti nkhaniyo ndi ya mbumba yonse. Kugona m'masikito usiku uliwonse kuteteza ana onse, koma koposa ana amenewa.

Palinso mphatso ya magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2003, lidalira anthu opereka mwa kufuna kwawo, ndipo nyengo ya mvula, pamene malungo achuluka, ndiyo nyengo imene magazi afunika koposa. Mphekesera zakuti achipatala atenga magazi kukagulitsa kapena kukachitira zamatsenga zaphetsa ana ambiri kuposa mmene tiganizira. Ofufuza akafika m'mudzi, ayenera kudzera kwa mfumu, kufotokoza cholinga chawo m'chinenero chimene anthu amva, ndi kupempha chilolezo cha kholo lililonse. Ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa mafunso onse, wovomera, kapena wokana. Nawonso ofufuza ali ndi ngongole kwa anthu, yobwerera kudzanena zimene anapeza.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuchokera pa ana a ku London a mkodzo wakuda kufika pa timapepala 10,529 ta ku Lilongwe papita zaka pafupifupi 120, ndipo m'zaka zimenezo chinthu chimene makolo athu ankachiona ngati tsoka losadziwika chapeza dzina, chifukwa ndi chithandizo. Chatsala ndi chakuti nzeru imeneyi ifike pa khonde la nyumba iliyonse ya kwa Maganga, kuti mwana akadzachita chikasu, agogo ake akhale oyamba kunena kuti: mutengeni, pitani naye kuchipatala.